Gaba aziima pati: pa 9 kapena pa 11?

Timu ya Richards Bay ya m'dziko la South Africa itasayina Gabadinho Mhango m'chaka cha 2025, mkangano wakale udabukanso pakati pa okonda mpira wamiyendo.

Palibe amene ankatsutsa zoti mnyamata wa ku Chiweta m'boma la Rumphi ameneyu amadziwa pomwe pali golo. Chomwe anthu sadamvanepo ndi malo ake enieni m'bwalo: kodi ndi nambala 9 woima pakati pa otchinga kumbuyo, kapena nambala 11 wothamanga m'mphepete mwa mzere?

Ku Ntaja, Nselema, Chikweo mpaka ku Nayuchi kumalire ndi Mozambique, mkanganowu si wachilendo. Midzi yozungulira nyanja ya Chiuta ili ndi ana ambiri ku Joni, choncho mpira wakumeneko anthu amautsata ngati wapakhomo. M'nyumba zoonetsera mpira pakanema, wovala jezi yakuda ya Orlando Pirates ndi wovala yachikasu ya Kaizer Chiefs amatha kutsutsana tsiku lonse, koma dzina la Gaba likatchulidwa onse amasanduka aphunzitsi.

Kwa timu ngati Richards Bay, funsoli silidali longochezera pabawo. Timuyi, yomwe kwawo ndi m'chigawo cha KwaZulu-Natal kumpoto kwa mzinda wa Durban, idalowa mu ligi yaikulu m'chaka cha 2022, ndipo mu 2024 idapulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Idathera pa nambala 15 mwa matimu 16 ndipo idachita kusewera masewero apadera kuti isatuluke. Chaka chomwe inkatenga Gaba idalinso itagulitsa wosewera kutsogolo wake, Yanela Mbuthuma, ku Pirates.

Timu yotere ilibe ndalama zotaya. Naye Gaba, yemwe adabadwa pa 27 September 1992, ankasayina ali ndi zaka 32, msinkhu womwe wosewera aliyense amadziwa kuti dzuwa lapendeka. Akuluakulu amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, komatu kalumoko kamadaliranso dzanja la wometa.

Nanga Richards Bay idagula wosewera wotani?

Gaba ndi wamfupi komanso wopepuka thupi. Mphamvu yake ili m'mwendo wamanja, m'liwiro la masitepe oyamba, komanso m'mtima wosaopa kuombera ali patali. Ndi wosewera amene akaona golo saganiza kawiri, ndipo nthawi zina anzake amakweza manja kudandaula kuti sadawapatsire. Kufooka kwake nakonso sikubisika. Mpira wam'mwamba wolimbirana ndi zimphona zakumbuyo si wake, ndipo kusunga mpira atafulatira golo, wina akumukankha kumsana, si ntchito yomwe thupi lake lidaumbidwira.

Mbiri yake ya ku South Africa ikusonyeza kuti aphunzitsi akhala akumusuntha uku ndi uku. Adachoka ku Big Bullets m'chaka cha 2013 kupita ku Bloemfontein Celtic, timu yomwe Amalawi adaizolowera kuyambira nthawi ya Ernest Mtawali m'zaka za m'ma 1980. Adadzera ku Golden Arrows, kenaka mu 2016 adakafika ku Bidvest Wits kwa mphunzitsi Gavin Hunt.

Hunt adali ndi amuna olimba kutsogolo monga Eleazar Rodgers ndi James Keene, motero Gaba nthawi zambiri ankayambira m'mbali kapena kumbuyo kwawo. Zinthu zidayenda ndithu, chifukwa Wits idatenga ligi ya 2016/17, koyamba m'mbiri ya timuyo. Amene amati Gaba ndi nambala 11 amaloza nyengo imeneyi.

Koma a mbali inayo ali ndi umboni wolemera kuposa pamenepa.

Pirates idamugula pakati pa chaka cha 2019. Mphunzitsi yemwe adamulandira, Milutin Sredojevic, adatula pansi udindo mu August ligi itangoyamba, ndipo timu idayenda motsimphina m'manja mwa wogwirizira, Rulani Mokwena. Mu December mudabwera Josef Zinnbauer wa ku Germany, yemwe adaika Gaba kutsogolo kwenikweni ndi kulola kuti mpira wa timu yonse uzithera kwa iye.

Zotsatira zake sizidachedwe. Mu January 2020 adamwetsa zigoli zitatu yekha pamasewero ndi Polokwane City, ndipo m'mwezi womwewo chigoli chake chimodzi chidagwetsa Mamelodi Sundowns. Ligi idaima mu March chifukwa cha mliri wa Covid-19, koma pomwe inkatha Gaba adali ndi zigoli 16, mofanana ndi Peter Shalulile wa ku Namibia yemwe panthawiyo ankasewera ku Highlands Park. Awiriwa adagawana nsapato yagolide yomwe imatchedwa dzina la Lesley Manyathela, womwetsa zigoli wa Pirates yemwe adafa pangozi yagalimoto mu 2003.

Pongoona chiwerengerochi, munthu atha kutseka nkhani kuti Gaba ndi nambala 9 basi. Koma amene adaonera masewerowo ndi maso awiri akukumbukira kuti Gaba sankaima ngati mtengo pakati pa otchinga kumbuyo. Ankachoka pamalopo, kutsetsereka chakumanzere, kulandira mpira nkhope italoza kugolo, kenaka kulowa mkati ndi mwendo wamanja. Papepala adali 9, koma mapazi ake ankayambira kwina.

Zinnbauer atachoka mu August 2021, nyenyezi ya Gaba ku Pirates idazilala. Pansi pa Fadlu Davids ndi Mandla Ncikazi adakhalitsa pabenchi. Chodabwitsa nchakuti m'nyengo yomweyo ndi momwe adagwedezera Africa yonse.

Mu January 2022, pampikisano wa Africa Cup of Nations ku Cameroon, Flames idagonjetsa Zimbabwe 2-1 mumzinda wa Bafoussam, zigoli zonse ziwiri za Gaba, Zimbabwe itayamba kutsogola. Malawi idafika m'ndime ya matimu 16 koyamba chiyambire. Pa 25 January ku Yaoundé, masewero ndi Morocco atangotha mphindi zisanu ndi ziwiri, Gaba adatenga mpira chakumanzere, kutali ndi bokosi, nkuona kuti goloboyi Yassine Bounou wasuntha pamzere wake. Adaumenya kuchokera pamtunda woposa mamita 30 ndipo udakagwera muukonde. Morocco idabweza kudzera mwa Youssef En-Nesyri ndi Achraf Hakimi nkupambana 2-1, koma chigolicho chidalowa m'gulu la zigoli zitatu zomwe bungwe la CAF lidasankha kuti zipikisane pa mphotho ya chigoli chapamwamba cha 2022.

Chofunika pankhani ino si kukongola kwa chigolicho koma malo omwe mwini wake adaima. Nambala 9 weniweni sakadapezeka kumeneko, akadakhala ali kutsogolo kudikira mpira. Nambala 11 womvera malamulo akadathamangira kukona kuti akaponye mpira m'bokosi. Gaba adali pakati pa malo awiriwo, ndipo maso ake adali pagolo.

Pamenepa ndi pomwe pali yankho, ndipo agogo amene adaonera mpira wakale salipeza lachilendo. Kale matimu ankaika anthu asanu kutsogolo, kuyambira nambala 7 kumanja mpaka 11 kumanzere. Pakati pa 9 ndi 11 pankaima nambala 10, yemwe ntchito yake idali kulowa mumpata wa pakati pa wotchinga wakumbali ndi wotchinga wapakati. Masiku ano nambala 10 anthu amaidziwa ngati ya wogawa mipira pakati pabwalo, koma malo akalewo sadachoke. Ndiwo malo a Gaba.

Mpata umenewu umazunguza otchinga kumbuyo. Nambala 2 wa timu inayo akamutsatira mkati, kumbali kumatsala pululu ndipo wina amadutsako. Wotchinga wapakati akatuluka kudzakumana naye, kutsogolo kwa golo kumatseguka. Aliyense amaganiza kuti munthuyo ndi wa mnzake, ndipo kamphindi kokayikako nkokwanira kwa wosewera wothamanga. Kuonjezera apo, wamwendo wamanja wochokera kumanzere amakhala golo lonse lili patsogolo pake, ndipo amatha kuupinda mpira kuloza kupolo yakutali komwe goloboyi safikako msanga.

Si Gaba yekha amene moyo wake wampira udasintha chifukwa cha masitepe ochepa amenewa. Thierry Henry wa ku France adavutika ku Juventus m'chaka cha 1999 komwe ankamuseweretsa kumbali. Arsène Wenger atamutengera ku Arsenal chaka chomwecho adamuika kutsogolo, koma adamulola kuti azitsetserekera kumanzere momwe wafunira. Henry adamwetsera timuyo zigoli 228, zomwe palibe wina wa Arsenal adazifikapo.

Chitsanzo china nchapakhomo pomwe. Temwa Chawinga, nayenso wa ku Rumphi, atasayinidwa ndi Kansas City Current ya ku America mu 2024, sadamumangirire malo amodzi. Ankayambira kumbali nkumalowa mkati ndi liwiro lake loopsa lija. Chaka choyamba chomwecho adamwetsa zigoli 20 mu ligi, kuposa 18 za Sam Kerr wa ku Australia zomwe zidali zisadapitiriridwepo, ndipo adasankhidwa kukhala wosewera wapamwamba wa ligiyo.

Nkhani yotereyi imachitikanso m'mabwalo afumbi a ku Machinga ndi Balaka, kungoti kuno sikufika makamera. Ikayandikira fainolo ya bonanza, eni timu, kaya ndi ogulitsa matemba a ku Chiuta kaya ndi ogula mpunga, amasonkherana nkubwereka mnyamata wotchuka wa ku Liwonde kapena ku Balaka. Poti alipira kuti amwetse zigoli, amamupatsa nambala 9 osafunsa komwe amasewera kwawo. Kenaka goloboyi amayamba kuponya mipira yam'mwamba, mlendo wamfupi uja nkumalimbirana mitu ndi chimphona cha m'mudzi chozolowera kukoka khoka. Pofika hafu taimu masapota ayamba kale kunena kuti ndalama zalowa m'madzi.

Cholakwika china nchotembenuza. Kusukulu, mwana aliyense wamfupi wothamanga amamutaya kumzere ndi lamulo loti azingoponya mipira mkati, ngakhale atakhala kuti ndi iye amene amaombera bwino kuposa anzake onse. Ana ambiri otere amakula osadziwa kuti adali omwetsa zigoli.

Kubwerera kwa Gaba, zaka zotsatira Pirates zidali za katundu pamutu. Mu 2022 adapita ku AmaZulu, mu 2023 ku Moroka Swallows, mu 2024 ku Marumo Gallants, kenaka Richards Bay mu 2025. Matimu anayi m'zaka zinayi, ndipo mphunzitsi aliyense watsopano ankayambiranso kufufuza pomuika. Mpira wa ku South Africa nawo uli ndi zake: Wits idagulitsa malo ake mu ligi mu 2020, Celtic mu 2021, Swallows mu 2024, kotero matimu atatu omwe Gaba adawavalira jezi adazimirira mu ligi yaikulu osati chifukwa chogonja pabwalo. Ku AmaZulu, Swallows ndi Gallants zigoli ankamwetsa ndithu, koma sadafikenso pa 16 zija.

Ena amati msinkhu ndiwo wamudya, ndipo pali choonadi pamenepo. Koma msinkhuwo ndi umene ukupangitsa kuti nkhani ya malo ikhale yaikulu kuposa kale. Mnyamata wa zaka 22 atha kuikidwa polakwika nkudzipulumutsa ndi miyendo. Wa zaka zopitirira 30 alibe mwayi umenewo.

Timu yomutenga pamsinkhu umenewu, kuyambira Richards Bay yomweyo, iyenera kumupezera zinthu zitatu. Choyamba ndi mnzake wamtali woima pa 9, wolimbana ndi otchinga kumbuyo ndi kumugwetsera mipira. Chachiwiri ndi nambala 3 wamapapo aakulu, wotha kukwera ndi kutsika mzere wonse wakumanzere, chifukwa Gaba akalowa mkati mbali imeneyo imafuna mwini. Chachitatu, chomwe chimasowa kwambiri m'matimu ang'onoang'ono, ndi wapakati woponya mpira wapansi msanga, otchinga kumbuyo asadabwerere m'malo mwawo.

Izi zili ndi mtengo wake. Timu yomwe imakhalira kutchinga imafuna kuti aliyense abwerere kumbuyo mpira ukatayika, ndipo mphunzitsi amene ntchito yake ili pachiswe savomera msanga kusiya munthu mmodzi kutsogolo akuyenda pang'onopang'ono. Apa mpamene ambiri amagwa m'mayesero omubwezera Gaba pa 11 kuti azithandiza kutchinga.

Akatero amakhala ataononga chomwe adagulira. Gaba akatumidwa kuthamangitsa nambala 2 wa Sundowns mpaka kukona ya timu yake, pofika mphindi 60 miyendo imakhala italemera, ndipo mpata umodzi womwe timu yaing'ono imapeza pamasewero otere umamupeza ali mamita 70 kuchoka pagolo la adani.