ZALA SIZINAMA: KALATA YA POLISI KWA WOFUNA NCHITO

MUNTHU wofuna nchito masiku ano safunsidwa masatifiketi a sukulu okha ai. Pa mndandanda wa zikalata zimene olemba nchito amafuna pamakhala cimodzi cimene cimadzidzimutsa anyamata ndi atsikana ambiri a ku Chiparamba, m'Boma la Kasenengwa, ndi a m'midzi yonse yozungulira mzinda wa Chipata. Iyi ndi kalata ya Polisi yoikira umboni kuti mwini wace sanapezekepo wolakwa m'bwalo la milandu. Dzina lace pa Cingerezi ndi Police Clearance Certificate, koma anthu ambiri amangoti "kukadinda zala."

Makolo ena kumudzi amada nkhawa akamva kuti mwana wao akupita ku Polisi, popeza kwa iwo malowa ndi a anthu opalamula. Acinyamata ena amaiyesa nkhani yaing'ono, naikumbukira tsiku lomaliza, ndipo pamene akuthamangathamanga malo a nchito amapatsidwa kwa wina. Aliponso amene amagwa m'manja mwa anyengi olonjeza kalata ya msanga. Onsewa vuto lao ndi limodzi: sadziwa cimene kalatayi iri, ndi njira imene imayendamo.

OMWE AMAFUNSIDWA KALATAYI

M'caka ca 2022 Boma linalemba nchito aphunzitsi 30,496 ndi anchito za umoyo 11,276 m'dziko lonse la Zambia, ndipo ambiri a iwo anatumizidwa ku masukulu ndi zipatala za kumidzi. Munthu wolowa nchito ya Boma yotere amapatsidwa ana a eni ace kuti awaphunzitse, kapena odwala ndi mankhwala kuti awasamale. Ncifukwa cace pamodzi ndi kalata ya dokotala yonena za umoyo wace, amafunsidwanso umboni wa Polisi wonena za mbiri yace.

Si Boma lokha limene limatero. Makampani a alonda, mabanki, mabungwe osamala ana amasiye ndi olemba nchito ena amene amasungitsa anchito ao ndalama kapena katundu, amaifuna kalatayi. Dalaivala wofuna laisensi ya PSV, yonyamulira anthu m'basi kapena m'takisi, amafunsidwanso za iyo. Ndipo amene mtima wace uli pa nchito za kunja, monga ku South Africa, adziwe kuti maiko ambiri sapereka cilolezo ca nchito kwa mlendo wopanda kalata ya Polisi ya dziko la kwao.

CIFUKWA CACE ZALA

Wina angafunse kuti, bwanji a Polisi sangoyang'ana dzina m'buku? Yankho liri pafupi kwa ife a Cigawo ca Kum'mawa. M'mudzi umodzi mokha mungapezeke a Phiri, a Banda, a Jere, a Zulu ndi a Tembo angapo, ena a iwo ofanana ndi dzina loyamba lomwe. Kukanakhala kuti mabuku a milandu amatsata maina okha, munthu wosalakwa akanasenza mlandu wa mnzace, ndipo mbala ikanangosintha dzina nkuyera ngati thonje.

Zala ziribe vuto limeneli. Timizere ta kunsonga kwa zala timapangika mwana asanabadwe, ndipo sitisintha kufikira imfa. Ngakhale mapasa ofanana nkhope amasiyana zidindo za zala zao. Munthu akapsa kapena kutemeka pang'ono, khungu likapola timizere timabwerera monga tinaliri kale.

Nzeru imeneyi ndi yakale ndithu. Mu 1858 William Herschel, mkulu wa Boma la Angerezi ku Bengal m'dziko la India, anayamba kudinditsa anthu manja pa zikalata za mapangano. Mu 1897 ku Calcutta kunatsegulidwa ofesi yosunga zidindo za zala, kumene Edward Henry pamodzi ndi Amwenye awiri, Azizul Haque ndi Hem Chandra Bose, anakonza njira yoika zidindozo m'magulu kuti zipezeke msanga pakati pa zikwi zambiri. A Polisi a ku Scotland Yard mu London anatengera njirayo mu 1901, ndipo kucokera kumeneko inafalikira m'maiko olamulidwa ndi Angerezi.

Akuluakulu athu amene anagwira nchito m'mafamu a ku Fort Jameson ndi ku Salisbury akumbukira citupa ca atsamunda, cimene munthu wakuda yekha ndiye anali kukakamizidwa kunyamula, ndipo cimene anthu anatentha pa nthawi ya Cha Cha Cha mu 1961. Kalata ya Polisi isasokonezedwe ndi citupa cija. Iyi siisankha khungu kapena mtundu, ndipo cinchito cace ndico kuteteza mwana wa sukulu, wodwala ndi wokwera basi kwa munthu amene khoti linamupeza kale kuti ndi woopsa.

MAYENDEDWE ACE

Cinthu coyamba ndi citupa ca dziko, National Registration Card, cimene nzika iriyonse imayenera kutenga ikakwanitsa zaka 16. Musananyamuke kumudzi, ciyang'aneni bwino pamodzi ndi masatifiketi anu. Ngati dzina la pa citupa lasiyana ndi la pa satifiketi, monga zimacitikira kwa amene analembetsa sukulu ndi dzina la atsibweni kapena la agogo, yambani mwakonza zimenezi mwa kulumbira pamaso pa wolumbiritsa wa lamulo. Kusiyana kwa cilembo cimodzi kungaimitse munthu pakhomo la nchito.

Mukafika ku Polisi, nenani momveka kuti mukufuna kalata ya nchito, ndipo funsani mtengo wace ndi kumene ndalamayo ilipiridwa. Ndalamayi ndi ya Boma, ndipo pa ngwee iriyonse imene mwapereka muyenera kulandira lisiti la Boma. Lisitilo lisungeni bwino, pakuti ndilo mboni yanu.

Pambuyo pace wapolisi amatenga zidindo za zala zanu zonse khumi, cala cimodzi cimodzi, ndipo amalemba dzina lanu ndi nambala ya citupa canu. Pano palibe kutuma mnzanu kapena m'bale: mwini zala ayenera kuonekera yekha. Mabuku a milandu a dziko lonse ali m'manja mwa ofesi ya Criminal Records Office ku likulu la Polisi mu Lusaka, ndipo zidindo zanu zimayerekezedwa ndi za anthu amene makhoti anawapeza olakwa. Zikapanda kufanana ndi za wina aliyense, kalata imanena kuti mulibe mbiri ya mlandu.

Pali cenjezo limodzi kwa ife alimi. Khasu, njerwa, simenti ndi sopo waukali zimafafaniza timizere ta zala kwa kanthawi, kotero kuti cidindo cimatuluka cosaoneka bwino ndipo munthu angauzidwe kuti akadindenso. Amene akukonzekera ulendowu apumitse manja ace ku nchito zotere masiku angapo, awasambe bwino, ndipo ngati pali bala pa cala ayembekeze lipole.

Za nthawi, akulu anati kugona pakati nkuyambirira. Mukangomva kuti nchito yalengezedwa, yambani pomwepo, popeza pa nyengo yolemba anthu ambiri mizere ku Polisi imatalika. Komabe musatenge kalata lero kuti muisunge m'sutukesi zaka ziwiri. Olemba nchito ndi maofesi a akazembe amafuna yatsopano, kawirikawiri yosapitirira miyezi isanu ndi umodzi, cifukwa kalata imanena za mbiri ya munthu kufikira tsiku limene inalembedwa basi.

CENJERANI NDI ANYENGI

Paliponse pamene pali mzere wa anthu ofulumira, pamakhalanso wina wonong'oneza kuti iye adziwa njira yacidule. Munthu wotere amafuna ndalama ya nkhuku kapena ya thumba la nshawa, nalonjeza kalata ya tsiku lomwelo popanda kudinda zala. Pepala lace lingaoneke lokongola, lokhala ndi cidindo ndi siginecha, koma wolemba nchito akafunsa ku Polisi cinyengo cimaululika.

Malamulo a dziko lino, m'buku la Penal Code, amati kupanga cikalata cabodza ndi mlandu, ndipo kucipereka kwa wina ukudziwa kuti ncabodza ndi mlandunso. Motero mnyamata amene analibe mlandu uliwonse amadzipalira yekha mlandu woyamba, ndipo zala zace zimalowa m'mabuku omwe aja amene anali kuwaopa. Ngati wogwira nchito ya Boma akupemphani ya m'thumba kuti afulumizitse mapepala anu, kanani, ndipo kauzeni mkulu wa Polisi pamalopo kapena a Anti-Corruption Commission, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1980 kuti lithane ndi ziphuphu.

ZIMENE KALATA IMANENA

Ambiri amaopa kudinda zala cifukwa ca zinthu zimene siziwerengedwa konse. Mkangano wa malire a munda, ng'ombe zodya cimanga ca mnansi, kapena ndeu ya pa mowa imene inathera pa bwalo la a nyakwawa ndi kulipira mbuzi, sizifika m'mabuku a ku Lusaka. Ndiponso kumangidwa ndi Polisi sikufanana ndi kupezeka wolakwa. Gawo 18 la Malamulo Akulu a dziko lino limanena kuti munthu woimbidwa mlandu ayesedwe wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa, kapena iye mwini atavomera. Amene khoti linammasula asunge pepala la ciweruzo cace, kuti alionetse ngati pabuka funso.

Koma kwa amene anapezekadi wolakwa, mwambi uja wakuti mlandu suola ndi woona. Kusamukira ku Lusaka kapena ku Migodi sikufafaniza kanthu, pakuti zala amapita nazo. Nzeru ndiyo kunena zoona pa fomu ya nchito kuyambira paciyambi. Wolemba nchito angakhululukire kulakwa kwa kale kumene mwini wace waulula, koma bodza lopezeka pambuyo limacotsetsa munthu nchito ngakhale atagwira bwino zaka zambiri.

MAU KWA OLEMBA NCHITO

Mu 2016 nthambi ya ndende inasinthidwa dzina kukhala Zambia Correctional Service, kusonyeza kuti colinga ca Boma ndico kukonza munthu, osati kumulanga kokha. Anthu otuluka ku Namuseche mu Chipata ndi ku ndende zina amabwerera m'midzi yathu yomweyi, ena ataphunzira ulimi, ukalipentala kapena kusoka. Ngati khomo lirilonse la nchito litsekeka pamaso pao, njala idzawabwezera kumene anacokera, ndipo wolira adzakhala mudzi womwewo.

Comweco wolemba nchito aiwerenge kalatayi ndi nzeru. Aone mtundu wa mlandu, zaka zimene zapitapo, ndi nchito imene munthuyo akupempha. Wogwirira ana asayandikire sukulu, ndipo wakuba ndalama asapatsidwe makiyi a sefa; pamenepa palibe kukambirana. Koma mnyamata amene anamenyana ndi mnzace zaka khumi zapitazo, nagwira ukaidi wace mpaka kutha, angathe kuumba njerwa, kusankha fodya kapena kuyendetsa thalakitala monga wina aliyense.

Kwa acinyamata a ku Chiparamba, Kasenengwa, Chipangali ndi Chipata yense, mau athu ndi awa: konzani citupa canu, pitani nokha ku Polisi, lipirani pa njira ya Boma, landirani lisiti, ndipo nenani zoona. Koposa zonse kumbukirani kuti kalata yoyera siiyamba kulembedwa pa tebulo la wapolisi. Imalembedwa tsiku ndi tsiku ndi makhalidwe anu kumudzi, kumsika ndi pa mseu.