KAMERA YOKOKA ZAKUTALI: ZIMENE NDINAONA PA ULENDO WA KU DEDZA

Anzanga a m'migodi, ambiri a inu mwakhala mukundifunsa ku ofesi za kamera imene ndinamka nayo kumudzi. Tsono lero ndikuuzani ubwino wace ndi kuipa kwace, kuti munthu asataye ndalama za thukuta lace asanadziwe cimene ali kugula.

Kuno ku Chinengundu, m'tauni ya Chegutu, kuli agogo ena amene anacoka ku Dedza akali mnyamata, tauni ino ikuchedwabe Hartley, ndipo Kadoma ali Gatooma. Maina atsopanowa anadza mu 1982, koma agogowo kwao sanabwerereko. Atamva kuti ndiri pa ulendo anandiitana nati, "Mwana wanga, ukandijambulire zinthu ziwiri, phiri lathu ndi mlongo wanga." Ine ndinati, "Cabwino agogo, ndikacita."

Kamera yanga ndi Nikon Coolpix P900, ya mtundu uja Angerezi amati bridge camera, ndiko kunena mlatho, pakuti iri pakati pa timakamera ta m'thumba ndi makamera akulu osintha magalasi. Inaturuka mu 2015, koma ine ndinagula yogwirapo kale nchito. Galasi lace ndi losacotsa, ndipo likoka cinthu ka 83, kuyambira pa mamilimita 24 kufikira 2000 monga awerengera ojambula. Ilemera pafupi-fupi magalamu 900.

Ndinakwera basi ku Harare, tinadzera ku Nyamapanda, tinaoloka Zambezi pa Tete, ndi kulowa m'Malawi pa cipata ca Dedza. Pa zipata za malire ndi pa milatho kamera ndinaisunga m'cikwama, cifukwa malo otere si ojambulapo wamba, ndipo kamera yaikulu ikoka maso a anthu.

Ubwino wace ndinauona m'mawa mwace. Phiri la Dedza ndi lalitali mamita 2,198. Ine ndinaima pa mseu, ndi kukoka mpaka miyala ndi nsanja za wailesi za pamwamba pace zinaoneka cimodzi-cimodzi, pamene foni ya mnzanga inangoonetsa cimulu cakuda. Ubwino wina ndi wakuti katundu acepa. Sumanyamula magalasi atatu ai, ndiponso popeza galasi silicotsedwa, pfumbi la m'njira silipeza polowera msanga.

Koma mabvuto alipo. Ukakoka kwambiri, kunjenjemera pang'ono kwa dzanja kuononga cithunzi, kotero uyenera kutsamira pa mtengo kapena pa khoma. Masana dzuwa likaswa mtengo, mpweya wotentha ubvinitsa zinthu zakutali. Mvulanso siigwirizana nayo.

Bvuto lalikulu ndi mdima. M'kati mwa kamera muli kacidutswa kolandira kuwala, dzina lace sensor. M'kamera iyi ndi kakang'ono, ngati mamilimita 6 m'litali, kocepa kuposa cikhadabo. Anakacepetsa dala kuti galasi likoke patali popanda kukula ngati mtondo. Cifukwa cace kuwala kukacepa, cithunzi cituruka ca mcenga-mcenga.

Mlongo wa agogo aja ndinawapeza madzulo ali m'nyumba, nyali ya parafini ikuyaka. Ndinajambula kasanu, koma nkhope inali yosadziwika. Nditayatsa getsi la kamera iwo anatsinzina, nkhope niyera mbuu ngati phulusa. Pamenepo batire inali itatsala pang'ono, pakuti eni ace anena kuti ijambula zithunzi 360, ndipo ine ndinali nditamaliza zambiri pa mbalame ndi mapiri. M'mudzimo magetsi munalibe. Usiku umenewo sindinagone bwino, poganiza kuti ndikanena ciani ku Chinengundu.

Kutaca ndinawapempha kuti, "Agogo, tiyeni tikhale panja pa mthunzi wa mango." Anabvala cirundu cao ca ku chalichi nakhala pa mphasa. Ndinaima pafupi, osakoka konse, ndi kujambula kawiri. Kacitatu kamera inazima.

Nditabwerako ndinatsukitsa zithunzi ku Kadoma. Ca phiri agogo anaciyang'ana pang'ono naciika pambali. Ca mlongo wao anacigwira nthawi yaitali ali cete, kenaka anati, "Wafanana ndi amai."

Tsono malangizo anga ndi awa. Ngati mufuna nyama, mbalame, mapiri kapena mpira masana, kamera yotere idzakukondweretsani. Ngati mufuna abale ali m'nyumba madzulo, foni yabwino ikwanira. Musanyengedwe ndi nambala yaikulu: Nikon P1000 ya mu 2018 ikoka ka 125, koma ilemera makilogalamu 1.4 ndipo sensor yace ndi yaing'ono comweco. Sony RX10 IV iona bwino mu mdima, koma ikoka ka 25 cabe ndipo mtengo wace ndi wokwera.

Amene ali nayo kale agule batire yaciwiri asananyamuke. Ndipo mukafika kumudzi, yambani mwajambula anthu dzuwa likali kuwala. Phiri mudzalipeza pomwepo caka ca mawa.