MBIRI YA MTENGO WA WALNUT NDI KUFUNIKA KWA MBEU ZACE ZAKALE

Walnut ndi mtengo wa ku maiko ozizira umene ubala mtedza m'nthambi zace. Mtedzawo uli ndi cigoba colimba, ndipo m'kati mwace muli cakudya cokoma ca mafuta ambiri. Mtengowo utalika mamita 25 kapena kuposa, ukhoza kukhala ndi moyo zaka 200, ndipo matabwa ace apangira mipando ndi matebulo a mtengo wapatali. Ufuna miyezi ya cisanu caka ndi caka kuti uphuke bwino, cotero sukondwa m'maiko otentha. Dziko la China ndilo likolola mtedza umenewu koposa maiko onse, ndipo ena olima kwambiri ndiwo America, Iran, Turkey ndi Chile. Ngakhale mtengowu uli wa kutali, mbiri yace iri ndi phunziro kwa mlimi ali yense amene asunga mbeu.

Mlendo Ponse-ponse

Mitundu yambiri ya anthu iucha mtengowu mlendo. Dzina la Cingerezi la walnut licokera ku mau akale otanthauza mtedza wacilendo. Anthu a ku Russia aucha mtedza wa ku Greece, pamene a ku Greece akale anali kuucha mtedza wa ku Persia, dziko limene lero lichedwa Iran. Ku China nako liripo dzina lakale losonyeza kuti unadza ndi alendo a kumadzulo. Popeza mtundu uli wonse uloza kwa mnzace, akatswiri a zomera anafuna kudziwa kwao kweni-kweni kwa mtengowu, ndipo yankho analifuna m'thupi la mtengo womwewo.

M'camoyo ciri conse muli kanthu kocedwa DNA, kamene kali ngati kalata yocokera kwa makolo. Kalatayo ndiyo ilamula msinkhu wa mtengo, nthawi yace yophuka, kulimba kwa cigoba ndi mphamvu yace yopirira matenda. Akatswiri athyola masamba a mitengo ya m'maiko osiyana, nawerenga kalatayo ndi makina, ndipo potero azindikira cibale ca mitengoyo monga momwe akuru a m'mudzi alongosolera mzere wa mbumba.

Mtengo umodzi wa walnut uli ndi maluwa amuna ndi akazi omwe, koma sakhwima pa nthawi imodzi. Pa mitengo yina ayamba ndi amuna, pa yina ayamba ndi akazi, ndipo mphepo ndiyo inyamula mungu kucokera ku mtengo wina kunka ku unzace. Cifukwa ca ici mtengo womera ku njere sufanana ndendende ndi mai wace. M'nkhalango imodzi mupezeka mitengo yophuka msanga ndi yophuka mocedwa, ya zigoba zofewa ndi ya zigoba zolimba.

Makolo Awiri

Pa dziko lonse pali mitundu ya walnut yoposa 20. Ku America kuli walnut wakuda ndi abale ace, ndipo kum'mawa kwa Asia kuli pfuko lina la mtedza wautali lochedwa butternut. M'caka ca 2019 akatswiri a ku Beijing Normal University pamodzi ndi anzao a maiko ena anafalitsa zimene anapeza atayerekeza DNA ya mitundu imeneyi. Iwo anaona kuti walnut wolimidwa m'minda, amene dzina lace la sayansi ndi Juglans regia, anabadwa pamene pfuko la walnut wakuda linakwatirana ndi pfuko la butternut wa ku Asia, zaka ngati 3.45 miliyoni zapitazo. Tsono mtengowu uli wa makolo awiri ciyambire, ndipo kusakanizana kumeneko kunacitika kokha m'thengo anthu asanaoneke ndi makasu ao.

Cisanu ndi Amalonda

Pambuyo pace dziko linalowa m'nyengo za cisanu coopsya, zimene zinali kubwera ndi kubwerera nthawi zambiri. Pa ulendo wotsiriza cisanuco cinafika pacimace zaka ngati 21,000 zapitazo, pamene madzi oundana anakuta kumpoto kwa Europe ndi America. Mitengo ya walnut inafa m'malo ambiri, nitsala m'zigwa zofunda zochingidwa ndi mapiri. Magulu otsalawo anakhala motalikirana zaka zikwi zambiri, mapiri akuru monga Tien Shan ndi Himalaya atatseka njira ya mungu, ndipo gulu liri lonse linayamba kukhala ndi cibadwa cace-cace.

Amene anadzagwirizanitsanso maguluwo ndiwo anthu. Mtedza wa walnut subvunda msanga, ngwopepuka, ndipo ndi kamba wabwino wa pa ulendo. Amalonda oyenda ndi ngamira pa njira yaikuru ya pakati pa China ndi Nyanja ya Mediterranean, imene ichedwa Silk Road, anali kuunyamula, ndipo anthu anaubzala m'midzi ya m'mbali mwa njirayo. Mai Paola Pollegioni wa ku Italy ndi anzace anapima magulu 39 a mitengo ya ku Asia, ndipo m'caka ca 2015 anasonyeza kuti mitengo yotalikirana kwambiri iri pa cibale potsata njira za malondazo. Anapezanso kuti kumene anthu alankhula zinenero za pfuko limodzi, mitengo yao nayo ikonda kufanana, pakuti mbeu iyenda pakati pa anthu omvana. M'caka ca 2017 anapima magulu 91 a ku Asia ndi Europe, naona kuti kusiyana kwa mitengo nkwakukuru ku Asia koma kucepa kumadzulo kwa Europe, kumene mtengowu unafala kwambiri m'masiku a ufumu wa Rome.

Nkhalango ya Arslanbob

M'mapiri a dziko la Kyrgyzstan, pafupi ndi mudzi wa Arslanbob, muli nkhalango ya walnut imene iri pakati pa zazikuru koposa pa dziko lapansi. Kwa nthawi yaitali anthu anali kukhulupirira kuti nkhalangoyo njacikhalire. Koma mungu wa maluwa ukagwa m'nyanja usungika m'matope zaka zikwi-zikwi, ndipo akatswiri a ku University of Bern atakumba matope a m'nyanja zazing'ono za kumeneko anafalitsa m'caka ca 2008 kuti mungu wa walnut unayamba kucuruka zaka zosaposa 2,000 zapitazo, ndipo m'malo ambiri zaka ngati 1,000 cabe. Ici cionetsa kuti dzanja la munthu linathandiza kudzutsa nkhalangoyo.

Lero mabanja a kumeneko asamukira m'nkhalango pa nyengo yokolola, ndipo mtedzawo ndiwo cuma cao. Bvuto lace nlakuti mtedza ukatoledwa wonse, ndipo ng'ombe ndi nkhosa zikadya timitengo tongomera, mitengo yokalamba isowa ana olowa m'malo mwace.

Minda ya ku California

Pafupi-fupi mtedza wonse wa walnut wa ku United States ulimidwa m'cigawo ca California. Kumeneko alimi samezanitsa mtengo uli wonse koma mitundu yosankhika, monga momwe mango abwino amezanitsidwira pa tsinde la mango wamba, ndipo mtengo womezanitsa ufanana ndendende ndi umene anadulako nthambi.

M'caka ca 1898 mlimi wina dzina lace George Payne anapeza mtengo womera ku njere umene unali kubala m'mbali monse mwa nthambi, pamene yinzace ibala kunsonga kokha. Khalidwe limeneli licurukitsa zokolola, ndipo akatswiri a University of California ku Davis, amene anayamba nchito yokwatitsa mitengo m'caka ca 1948, analigwiritsa nchito kwambiri. M'caka ca 1979 anaturutsa mtundu wochedwa Chandler, umene unadzatenga malo akuru koposa mitundu yonse m'minda ya California nufalikiranso ku Chile ndi Turkey. Zokolola zace nzabwino ndithu, koma mitengo mamiliyoni ya Chandler iri ngati mtengo umodzi. Cimene cipweteka umodzi cikhoza kupweteka yonse.

Ngozi yotere si yongoganizira ai. M'caka ca 1967 ku Wisconsin kunaoneka nthenda ya zironda pa makungwa a butternut wa ku America, ndipo yapha mitengo yosawerengeka ku United States ndi Canada. Mitengo imene ipirira bwino nthendayo kawiri-kawiri ndi ya magazi osakanizana ndi walnut wa ku Japan. Alimi a ku California nao akonda kumezanitsa pa tsinde lochedwa Paradox, mwana wa walnut wa m'minda ndi walnut wakuda wa m'thengo la komweko, cifukwa mizu yace njamphamvu.

Kusunga Mbeu

Nthenda yatsopano ikabuka, kapena nyengo ya cisanu ikayamba kufupika monga iri kucitira m'maiko ena tsopano, wokwatitsa mitengo sangathe kulenga khalidwe limene palibe. Ayenera kukalifuna m'mitengo imene iripo kale. Ndico cifukwa cace boma la United States lisunga munda wapadera pafupi ndi Davis, m'mene muli mitengo ya walnut yotoledwa ku maiko ambiri, ndipo akatswiri alimbikitsa eni nkhalango za ku Asia kuti azisiyako mtedza wina pansi ndi kupatula malo amene ziweto sizilowamo.

Mlimi wofuna ndalama acita bwino kubzala mtundu wobala kwambiri. Koma mtengo wa Payne, umene unalemeretsa alimi a cigawo conse, unali wongomera ku njere pakati pa yinzace, ndipo ukadadulidwa usanabale palibe akadadziwa cimene cinatayika. Cotero mwini munda wanzeru, ngakhale abzale mbeu zatsopano, asiyako malo a mbeu za makolo ndi mitengo ya njere, naiyang'anira bwino kufikira itaonetsa zipatso zace.