Kanema Wakale ndi Masewero a Nthano Zoopsa

Masewero otchedwa Call of Cthulhu anatuluka ku America m'chaka cha 1981. Anawakonza ndi Sandy Petersen, ndipo buku lake linasindikizidwa ndi kampani ya Chaosium. Safuna bwalo kapena mpira. Anthu anayi kapena asanu amakhala patebulo ndi mapepala, mapensulo ndi madayisi. Mmodzi, amene bukulo limamutcha Keeper, amakamba nthano, ndipo enawo aliyense amatenga malo a munthu wa m'nthanomo: wina mtolankhani, wina dotolo, wina mphunzitsi wa payunivesite. Kusiyana kwake ndi nthano za kumudzi nkwakuti omvera samangovomera kuti ali tonse, koma amanena chimene munthu wawo achite, ndipo madayisi ndiwo amagamula ngati chitheke.

Nthanozi gwero lake ndi zolemba za H. P. Lovecraft wa ku Providence, yemwe anamwalira mu 1937, ndipo zambiri zimachitika m'zaka za m'ma 1920. Papepala la wosewera aliyense pali nambala yosonyeza kukhazikika kwa mutu wa munthu wake. Akaona chozizwitsa nambalayo imatsika. Ikatha, munthuyo wapenga.

Apa ndiye pali ntchito. Wokamba nthano ayenera kufotokoza dziko la zaka 100 zapitazo, limene iye sanaliwone. Chilombo sichiopsa ngati omvera sakuiwona m'maganizo nyumba imene chalowamo. Wosewera adzafunsa: kodi muno muli telefoni? Nanga galimoto likazima pakati pa nkhalango, aliliza bwanji? Mabuku a mbiri amapereka zaka ndi mitengo ya zinthu, koma sanena mmene msewu unkaonekera dzuwa litalowa. Nchifukwa chake okamba nthano ambiri amathamangira ku kanema.

Makanema othandiza ali mitundu iwiri, ndipo mtundu woyamba, wa makanema ojambulidwa m'nyengo yomweyo, ndiwo wolemera. The Cabinet of Dr. Caligari, wa ku Germany wa 1920, ali ndi makoma opendekeka ndi misewu yokhota ngati maloto a munthu wodwala malungo. Mu Nosferatu wa 1922, F. W. Murnau anaonetsa chithunzithunzi cha mfiti yoyamwa magazi chikukwera masitepe, mwiniwake osaoneka. Wokamba nthano wochenjera amaphunzirapo kuti chobisika chimaopsa koposa choululidwa. Komabe chodabwitsa nchakuti makanema oseketsa nthawi zina amaposa oopsawo pa ntchitoyi. Speedy wa Harold Lloyd, wa 1928, anajambulidwa m'misewu yeniyeni ya New York. Munthu akasiya kuyang'ana wosewerayo nayang'ana kumbuyo kwake, amaona zipewa, zikwangwani za masitolo ndi anthu wamba akupita kwawo.

Mtundu wachiwiri ndi wa makanema okonzedwa pambuyo pake, monga The Great Gatsby wa 1974 ndi The Untouchables wa 1987, amene amaonetsa Chicago pa nthawi imene mowa unali woletsedwa m'dzikomo, kuyambira 1920 kufikira 1933. Ngokongola, koma zovala zake zimachita kuoneka kuti zangochoka kwa telala.

Pali msampha umene aphunzitsi a mbiri angauzindikire msanga. Kanema amasankha amene akufuna kumuonetsa. Hollywood ya nthawi imeneyo kawirikawiri inkaika munthu wakuda pantchito ya m'khitchini, kapenanso kupaka mzungu mwaye kumaso, monga anachitira Al Jolson mu The Jazz Singer wa 1927. Lovecraft mwiniwake anali watsankho loonekeratu. Nkhani yake ya The Horror at Red Hook, yosindikizidwa mu 1927, imajambula alendo obwera ku Brooklyn ngati gwero la zonyansa. Wokamba nthano amene atapa ku mbali zonse ziwirizi mosasefa amabweretsa patebulo America imene anthu akuda mulibemo, kapena imene mlendo aliyense ndi wopembedza ziwanda. Mnzake wakuda amene wakhala naye patebulopo amazindikira zimenezi ngakhale asanene kanthu.

Mu 2017 Chris Spivey, mkonzi wakuda wa masewero, anatulutsa buku lotchedwa Harlem Unbound, limene limaika nthano zomwezi ku Harlem, pakati pa olemba ndi oimba akuda a nyengoyo. Kanema woyenerana nalo analipo kalekale. Oscar Micheaux anatulutsa Within Our Gates mu 1920, ndipo m'menemo anaonetsa chigulu cha azungu chikupachika banja la anthu akuda popanda mlandu kuzengedwa. Chaka chotsatira, mu 1921, dera la Greenwood mumzinda wa Tulsa linatenthedwa ndi chigulu chotere, osati pakanema koma masana anthu akuona.

Zimenezi zimasintha masewerowo mpaka m'mafupa. Profesa wachizungu wa m'nthano za Lovecraft akamva phokoso m'chipinda chapansi, angathe kuitana apolisi. Mtolankhani wakuda wa ku Harlem amene usiku wamupeza m'tauni yachilendo ayenera kuyamba waganiza kawiri asanagogode pakhomo lililonse, ngakhale chilombo chili pambuyo pake.