Nkhongole Imene Nyumba Imabweza: Zofunika Kudziwa za Acikulire a ku America

Ena a ife tili ndi makolo kapena acibale amene akalambira ku America, ndipo timawamva akuchula "reverse mortgage". Tiyeni tione kuti ndi ciani, kuti akatifunsa maganizo tiwayankhe bwino.

Iyi ndi nkhongole imene mwini nyumba amatenga, nyumba yake n'kukhala cikole. Sabweza ndalama mwezi ndi mwezi. Ciwongoladzanja cimangounjikana, ndipo nkhongole yonse imalipidwa iye akamwalira, akagulitsa nyumbayo, kapena akasamuka. Yofala kwambiri imachedwa HECM, ndipo ili ndi inshuwalansi ya bungwe la boma la FHA.

Ndani angaitenge? Ayenera kukhala ndi zaka 62 kapena kuposapo. Nyumbayo ikhale imene amakhalamo masiku onse, ndipo ikhale yolipiridwa yonse kapena mbali yaikulu. Asanasaine, ayenera kukambirana ndi mlangizi wovomerezedwa ndi HUD, dipatimenti yoyang'anira za nyumba. Wobwereketsa amafufuzanso ngati munthuyo adzakwanitsa kulipira msonkho ndi inshuwalansi ya nyumba. Akalephera zimenezi, nyumba ingalandidwe iye ali moyo.

Nanga angakongole zingati? Sapatsidwa mtengo wonse wa nyumba. Amaona zinthu zitatu: zaka za wamng'ono pa okwatiranawo, ciwongoladzanja ca nthawiyo, ndi mtengo wa nyumba. Wa zaka 80 amapatsidwa zambiri kuposa wa zaka 62. Mu 2025, mtengo wa nyumba unali kuwerengedwa mpaka pa madola 1,209,750 cabe. Ndiponso m'caka coyamba, nthawi zambiri munthu satenga zoposa 60 peresenti ya ndalama zimene wavomerezedwa.

Tisaiwale otsala. Ngati dzina la amai silinalembedwe pa nkhongoleyo, abambo akamwalira ndalama zimaleka kubwera, ndipo amai amakhalabe m'nyumbamo pokhapo akakwaniritsa malamulo ena. Wokongola akakhala kunja kwa nyumba cifukwa ca matenda kwa miyezi yoposa 12 yotsatizana, nkhongole imafunika kubwezedwa. Ana salipira zoposa mtengo wa nyumba, koma akafuna kuisunga ayenera kubweza nkhongole yonse, kapena 95 peresenti ya mtengo wa nyumbayo ngati nkhongole yaiposa.

Conco ndalama zimene zithandiza agogo lero zimacoka pa colowa ca mawa. Nyumba ndi yao, ndipo cosankha ndi cao. Ife tiwalimbikitse kukhala pansi ndi banja lonse asanasaine.