Amisiri a makola a nkhuku zamazira

Kumene amisiri amagwirira ntchito m'mizinda yathu, kaya ku Mchesi ku Lilongwe kapena ku Ndirande ku Blantyre, n'kovuta kupeza chikwangwani chonena kuti pano pali womanga makola a nkhuku. Mupeza okhoma mipando, mabedi, zitseko ndi mabokosi a maliro, mupezanso owotcherera mageti ndi mawindo. Koma mukangotchula kuti mukufuna khola la nkhuku zoikira mazira kuseri kwa nyumba, sipalephera kupezeka wokulozerani munthu. Ntchitoyi ilipo ndipo ikudyetsa mabanja, kungoti amene amaigwira anayamba ndi zina. Wina ndi kalipentala, wina womanga nyumba, wina wowotcherera zitsulo, ndipo luso la makola analitola m'njira, pomanga ndi poona zimene zinkachitikira nkhuku m'makola amene anamanga.

Kumudzi khola silinkafuna mmisiri wolipidwa. Bambo wa pakhomo ankadula mitengo ya mphanda, kuyala nsungwi pamwamba, kumanga ndi luzi, kufolera ndi udzu, n'kutsamiritsa kamakwerero. Khola lotero ndi malo ogona basi. Kukacha nkhuku zimatsika kukapalasa kudzala ndi kuseri kwa nkhokwe, dzuwa likapendeka zimabwerera zokha. Thadzi lachikuda limaikira mazira khumi ndi angapo, kufungatira, kulera anapiye, n'kuyambiranso, moti pachaka mazira ake sapitirira kwenikweni 50. Ngakhale nkhuku zakuda za mtundu wa Black Australorp, zimene boma lakhala likugawa kuchokera ku Mikolongwe m'boma la Chiradzulu mpaka anthu kuzitcha dzina la malowo, zimatha kukhala moyo woyendayenda womwewu.

Nkhuku zofiirira za haibulidi, monga Hy-Line ndi Lohmann, ndi nkhani ina. Zimayamba kuikira zikakwanitsa masabata 18 mpaka 20, ndipo zikasamalidwa bwino imodzi imatha kufika mazira pafupifupi 300 pachaka. Koma moyo wake wonse imathera m'kholamo: imadyera momwemo, imamwera momwemo, imaikira ndi kugona momwemo. Chilichonse chimene mmisiri walakwitsa, nkhukuyo ikhala nacho usana ndi usiku kwa chaka chathunthu ndi miyezi ingapo, ndipo mwini wake adzachiona m'thireyi ya mazira.

N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito sayamba ndi kutchula mtengo. Amayamba ndi mafunso. Nkhuku zingati, mayi? Mudzawonjezera? Malo ano ndi anu kapena ndi a lendi? Madzi a mvula amadutsa pati? Akatero amatulutsa tepi. Nkhuku zokhala pansi poyala utuchi zimafuna malo okwana sikweya mita imodzi pa nkhuku zinayi kapena zisanu, choncho nkhuku 50 zimakhala bwino m'khola la mamita 3 m'lifupi ndi mamita 4 kapena 5 m'litali. Mkangano woyamba umabuka pomwepa, chifukwa mwini nkhuku amaona kuti anapiye ndi tinthu tating'ono, ndipo m'malo omwewo akufuna kulowetsamo 100. Zikakula n'kupanikizana zimayamba kujomphana nthenga, kenako kumatako pamene pamatulukira dzira, mpaka magazi. Nkhuku ikaona magazi pa inzake siileka.

Mkangano waukulu kuposa onse ndi wa makoma. Munthu amene wawononga ndalama zake pa anapiye, chakudya ndi katemera amaopa wakuba, ndipo mantha akewo ndi omveka, pakuti nkhuku zimabedwadi, makamaka zikangoyamba kuikira. Ndiye amafuna khoma la njerwa lofika kudenga, lokhala ndi tizenera tiwiri m'mwamba, chitseko cholimba ndi loko wamkulu. Womanga nyumba amene sanawetepo nkhuku amavomera msanga, poti ndi mmene amamangira masiku onse. Khola lake limaoneka laudongo ndithu. Koma nkhuku ilibe thukuta. Thupi lake ndi lotentha kale, pafupifupi madigiri 41, ndipo ikamva kutentha imayasamula kukamwa, kutambasula mapiko ndi kupuma mwawefuwefu. Mu Okutobala, pansi pa malata afupi, m'chipinda chopanda modutsa mphepo, nkhuku imasiya kudya, mazira amachepa, zikamba zake zimapyapyala, ndipo zonenepa zimangogwa n'kufa masana. Ku Chikwawa, ku Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja zimenezi sizidikira n'komwe Okutobala. Kuwonjezera apo, zitosi zikanyowa zimatulutsa mpweya woluma m'maso umene umawononga njira zopumira za nkhuku, chifuwa n'kulowa mosavuta. Munthu amaumva akangotsegula chitseko, koma nkhuku, imene mphuno yake ili pafupi ndi pansi, imaupuma tsiku lonse.

Mmisiri wabwino ndi amene amalimba mtima n'kutsutsa womulemba ntchito pa nkhani imeneyi. Kutero si chinthu chapafupi kwa munthu amene akufuna ganyu ndipo akudziwa kuti pali anzake atatu amene angavomere chilichonse. Ineyo ndimawalemekeza kwambiri amisiri otere, chifukwa amayankhulira chiweto chimene sichingadzinenere chokha, ndipo pomaliza amapulumutsa ndalama za munthu yemwe akukangana nayeyo. Zimene amanena n'zosavuta kumva: khoma la njerwa lifike m'mawondo kapena kupitirira pang'ono, kuchokera pamenepo mpaka kudenga pakhale waya mbali zonse ziwiri zazitali. Kholalo litalike kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, kuti dzuwa liziyenda pamwamba pa denga m'malo molowa m'mbali. Denga likhale lalitali, loti munthu n'kuimirira bwinobwino, ndipo malata atulukire kunja mokwanira kuti mvula ya mphepo isakanyowetse utuchi. Kukazizira, monga nthawi ya chiperoni ku Thyolo ndi ku Blantyre kapena mu Juni ku Dedza, amapachika makatani a masaka otsitsa usiku ndi kukweza masana, kusiya mpata m'mwamba. Wakuba amathana naye mwanjira zina: waya wolimba wowotcherera m'malo mwa waya wofewa wa nkhuku, mahinjesi okhomera mkati, mpanda, galu, ndiponso kuika khola pamene mwini nyumba angamve nkhuku zikadzidzimuka.

Akuba a miyendo inayi ndi opanda miyendo nawonso ali ndi mbali yawo m'mamangidwe. Waya wa nkhuku wodziwika uja, wa mabowo ambali zisanu ndi imodzi, ntchito yake ndi kutsekereza nkhuku kuti zisatuluke. Galu wanjala amaung'amba, khoswe ndi njoka zimadutsa, ndipo ukakhudza dothi umachita dzimbiri msanga. Likongwe ndi vumbwe zimafufuza mpata pakati pa khoma ndi denga, pamene amisiri ofulumira amaiwala kutseka. Mpata womwewo ndi khomo la mpheta ndi mbalame zina zodzadya nawo chakudya n'kusiya matenda. Makoswe amakumba, n'chifukwa chake pansi pa simenti ndi pabwino kuposa pozira, ngakhale kuti pamadya ndalama. Amene akumanga khola lokwera, lokhala ndi pansi pa timatabwa totalikirana kuti zitosi zizigwera pansi, amaveka miyendo yake tizipewa ta malata toyang'ana pansi kuti khoswe asakwere. Linthumbu likabwera usiku limatha kupha nkhuku zili pamtanda, ndipo anthu ambiri amathira phulusa kuzungulira khola.

Khola limodzi limadutsa m'manja ambiri. Anyamata aganyu amakumba maziko ndi ngalande, kutunga madzi ndi kuponda dothi. Womanga amaika njerwa. Kalipentala amaimika mizati, kukhoma mitanda ndi malata, ndi kukoka waya, ntchito imene imang'amba zala kuposa mmene woonerera angaganizire, pakuti waya wosakokedwa bwino umalendewera ndipo sukhalitsa. Okhoma zidebe pamsika amapanga modyera ndi momwera kuchokera ku malata, ndipo waluso amapinda milomo yake kuti nkhuku isamatayire chakudya pansi. Zimenezi si zachabe. Nkhuku yoikira imadya magalamu 110 mpaka 120 patsiku, kotero nkhuku 50 zimatha pafupifupi makilogalamu 6, ndipo thumba la makilogalamu 50 limatha pakangopita sabata ndi tsiku limodzi. Chakudya ndicho chimadya ndalama zambiri pa ulimi wonsewu, ndiye modyera motayitsa ndi chibowo m'thumba la mwini. Palinso ocheka matabwa amene amagulitsa utuchi m'matumba, ndi zigayo za mpunga zimene zimapereka mankhusu oyala pansi.

Za mitengo, ambiri amagwiritsa ntchito bulugama pa mizati ndi paini pa mitanda ndi zitseko. Paini wa ku Chikangawa, ku Zomba kapena ku Dedza ndi wofewa pokhoma koma chiswe chimamukonda, ndipo mmisiri wosamala amapaka oyilo wakuda kapena mankhwala kumunsi kwa mzati uliwonse asanaukwirire. Matabwa otsala pocheka, aja okhala ndi khungwa mbali imodzi, ndi otchipa ndipo amakopa anthu, koma pansi pa khungwalo ndi m'ming'alu ya nsungwi ndi mmene tizilombo toyamwa magazi timabisala masana n'kutuluka usiku. Nkhuku zolumidwa usiku wonse zimayera malipombo ndipo zimaleka kuikira. Mmisiri amene anaonapo zimenezi sakhomerera mitanda yogonapo. Amaigoneka m'timipata kuti izichotsedwa, kutsukidwa ndi kuyanikidwa padzuwa.

Mkati mwa khola ndimo mumaonekera kusiyana kwa amisiri. Nkhuku imafuna kugona pamwamba, ndipo iliyonse imafuna malo a masentimita 20 mpaka 25 pamtanda wosalala, wopanda nsonga zobaya mapazi. Zisa zimakhala timabokosi ta masentimita 30 mbali zonse, chimodzi pa nkhuku zinayi kapena zisanu, zoikidwa kumbali yamdima pang'ono poti thadzi limafuna pobisika. Pali lamulo limodzi limene ongoyamba kumene amaliphonya: mtanda wogonapo ukhale pamwamba kuposa zisa. Zikasinthana, nkhuku zimagona m'zisa, kuchitiramo zitosi usiku wonse, ndipo mazira am'mawa amatuluka akuda. Denga la zisa limapendekeka kwambiri kuti pasakhale poima. Ena amatulutsira zisazo kunja kwa khoma n'kuikapo chivundikiro, kuti mwana wotumidwa kukatola mazira asalowe m'khola ndi nsapato zimene wayenda nazo kumsika. Pakhomo amasiya kadzenje ka simenti kothiramo mankhwala opondamo. Chitopa chikalowa chimasesa khola lonse m'masiku ochepa, ndipo ngakhale katemera ndiye chitetezo chenicheni, khola limene aliyense amalowamo mwachisawawa limaitana matenda. Wina amakumbukiranso pokoleka babu, popeza usana wa kuno ndi wa maola 11 mpaka 13 pamene nkhuku yoikira imachita bwino ndi kuwala kwa maola pafupifupi 16. Kumene kulibe magetsi, kasola kakang'ono kamakwanira.

M'matauni, kumene mapuloti ndi aang'ono ndipo ambiri amakhala m'nyumba za lendi, owotcherera apeza msika wa makola a zitsulo osanjikiza, otheka kunyamula posamuka. Pansi pake pamapendekeka pang'ono kuti dzira ligubuduzikire kutsogolo. Amasunga malo, mazira amakhala oyera, ndipo n'kosavuta kudziwa nkhuku imene yasiya kuikira. Komabe mtima wanga suwakonda. Nkhuku ya mmenemo siipalasa, siisamba fumbi, siitambasula mapiko mpaka tsiku logulitsidwa. Mayiko a mu European Union analetsa makola opanikiza a mtundu umenewu kuyambira mu 2012. Amene alibiretu malo ndimamumvetsa, koma amene ali ndi bwalo kuseri kwa nyumba angachite bwino kumanga khola la pansi ndi kampanda kotulukiramo.

Malipiro a ntchitoyi ndi ogwirizana pakamwa. Nthawi zambiri mwini amagula zipangizo yekha, kupereka kangachepe poyamba, zotsala pomaliza. Ndalama zikathera pakati, khola limaima lopanda chitseko pamene anapiye afika kale ndipo akukulira m'katoni kukhitchini, mmisiri n'kumayendera ndalama zake. Ambiri mwa olemba ntchitowa ndi amayi, ena atatenga ngongole kubanki m'khonde, ndipo mbiri ya mmisiri imayenda m'magulu awo omwewo. Khola limodzi labwino limamubweretsera ena angapo m'dera lomwelo.

Chimene chikusowa ndi mlatho pakati pa anthu awiri. Sukulu za ntchito zamanja za pansi pa TEVETA zimaphunzitsa ukalipentala, zomangamanga ndi kuwotcherera, pamene za kawetedwe ka nkhuku zimaphunziridwa ku Bunda ndi ku Natural Resources College, kumene kumachokera alangizi ambiri. Mlangizi amadziwa chimene nkhuku ikufuna koma sagwira sowo, mmisiri amagwira sowo koma kawirikawiri amamva za mlangizi khola litatha kale. Mlimi amene angawakumanitse pamalopo tsiku loyeza, msomali usanakhomedwe, amapewa kugumula khoma pambuyo pake.

Nkhuku zikafika masabata 72 mpaka 80 mazira amachepa, ndipo eni ambiri amazigulitsa za ndiwo. Utuchi wosakanikirana ndi zitosi umapakiridwa m'matumba kupita kudimba kapena kwa olima masamba, amene amaulimbirana chifukwa ndi manyowa amphamvu. Khola limatsukidwa, kupakidwa laimu, n'kusiyidwa lopanda kanthu kwa masabata awiri kapena kuposerapo misoti ina isanalowe. Masiku amenewo ndiwo mmisiri amaitanidwanso, kudzasintha waya wadzimbiri m'munsi, kumata pamene makoswe aboola, ndipo ngati mazira anayenda malonda, kudzayeza malo a chipinda chachiwiri.