Nsangwe: nazale ya kumwamba

Mwezi wa Okutobala ku Chisemphere, m'boma la Kasungu, mlimi wa fodya sagona tulo tambiri. Amalawirira kudambo kukathirira nazale dzuwa lisanaswe mtengo, madzulo n'kubwererakonso. Anthu akatha kudya nsima, atakhala pabwalo kudikira kuti m'nyumba muzizireko, kum'mawa kumatuluka kagulu ka nyenyezi zothithikana ngati mbande pabedi. Makolo adakatcha Nsangwe. Pakapita maola angapo kumatulukanso nyenyezi zitatu zondondozana, Akamwiniatsatana. Maina awiriwa ndi akale, moti omasulira Buku Lopatulika adawagwiritsa ntchito m'buku la Yobu.

Nsangwe ikayamba kuoneka madzulo, mvula yobzalira ili pafupi. Anzathu olankhula Chiswahili amaitcha Kilimia, Azulu amati isiLimela, maina onsewa akuchokera ku mawu oti kulima. Koma ndi ochepa amene amadziwa kuti kagulu komweka kadasowetsa mtendere akatswiri a zakuthambo kwa zaka pafupifupi 20.

Ndi maso, munthu amawerenga nyenyezi zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi ziwiri. Ndi telesikopu zimapitirira 1,000. Zonsezi zidabadwa mu mtambo umodzi wa mpweya ndi fumbi, zaka pafupifupi 100 miliyoni zapitazo. Dzuwa lathu lili ndi zaka 4,600 miliyoni, choncho kwa ilo Nsangwe ndi makanda.

Mlimi amadziwa phindu la bedi lofesedwa tsiku limodzi. Mbewu ndi imodzi, dothi ndi limodzi, madzi ndi amodzi. Mbande ina ikakula mosiyana ndi inzake, sunganamizire tsiku lofesa. N'chimodzimodzi ndi gulu la nyenyezi. Popeza zonse ndi zamsinkhu umodzi ndipo zili pamtunda wofanana, chozisiyanitsa chachikulu n'kulemera. Ndipo monga wosankha fodya m'chigafa amayang'ana mtundu wa tsamba asanaliike pa mulu wake, akatswiri amasanja nyenyezi poyang'ana mtundu ndi kuwala. Yobiriwira ngati thambo ndi yolemera, yotentha kwambiri, ndipo imamaliza msanga mpweya wa hayidirojeni umene imayaka nawo. Yaing'ono yofiirira imayaka pang'onopang'ono ngati chitsa cha tsanya, n'kukhala zaka mabiliyoni osaneneka. Ukaona kuti ndi ziti zayamba kale kufa, wadziwa zaka za gulu lonse.

Koma masamu onsewa amadalira chinthu chimodzi: mtunda. Tochi ili pafupi ndi nyali ya galimoto ili kutali zingaoneke zowala mofanana. Poyeza mtunda, akatswiri amachita zimene mwana aliyense angayese. Tambasulani mkono, imikani chala chachikulu moloza mtengo, tsinzinani diso limodzi, kenako linalo. Chala chimaoneka ngati chalumpha. Chikakhala pafupi chimalumpha kwambiri, chikakhala kutali chimalumpha pang'ono. Kwa nyenyezi, maso awiriwo ndi malo awiri a dziko lapansi paulendo wake wozungulira dzuwa, motalikirana miyezi isanu ndi umodzi.

M'chaka cha 1989, bungwe la mayiko a ku Ulaya la European Space Agency lidatumiza m'mlengalenga makina otchedwa Hipparcos kuti akagwire ntchito imeneyi. Zotsatira zitatuluka mu 1997, zidadabwitsa anthu. Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi, ndipo akatswiri ankadziwa kuti kumatenga zaka pafupifupi 440 kuchoka ku Nsangwe kufika kuno. Hipparcos idati ayi, ndi zaka pafupifupi 390.

Kusiyanako kukuoneka kochepa, koma ganizirani sikelo yoyezera mabelo ku okushoni ya Chinkhoma itapezeka kuti ikunama: si belo limodzi limene lingakayikitse, koma onse amene adadutsapo. Ngati Hipparcos idalondola, ndiye kuti nyenyezi za Nsangwe ndi zozimiririka kuposa mmene sayansi imanenera, ndipo zimene mabuku amaphunzitsa za kubadwa, kukula ndi kufa kwa nyenyezi zimafunika kuzionanso.

Mlandu udafunika mboni zina. Telesikopu ya Hubble, imene yakhala ikuzungulira dziko chiyambire Epulo 1990, pamwamba pa mitambo ndi fumbi zimene zimasokoneza maso a pansi pano, idayeza nyenyezi zitatu za m'gululi n'kupeza zaka pafupifupi 440. Mu 2014, akatswiri ena adalumikiza mbale zikuluzikulu zotchera mafunde a wailesi, zotalikirana makilomita masauzande, napezanso chimodzimodzi. Pomaliza padabwera Gaia, makina a bungwe lomwe lija la ku Ulaya, amene adanyamuka mu 2013 ndipo adayeza malo a nyenyezi pafupifupi mabiliyoni awiri. Zotsatira zake za 2018 zidagamula: zaka 440 ndi zingapo. Mabuku adapulumuka, wolakwa adali Hipparcos.

Tanthauzo lake n'lakuti kuwala kwa Nsangwe kumene kukugwera pa denga la chigafa usiku uno kudanyamuka m'zaka za m'ma 1580, mafumu a Kalonga akulamulira Amaravi.

Amene wamvetsa Nsangwe atha kuwerenga thambo lonse la Chisemphere ngati nyengo za fodya. Pambali pa Akamwiniatsatana pali kamtambo kotuwa, Orion Nebula, kumene nyenyezi zikumera kumene. Hubble idajambulako nyenyezi zakhanda zozunguliridwa ndi fumbi lopangira maiko. Telesikopu ya James Webb, yomwe idanyamuka pa Khirisimasi ya 2021 ndipo ili makilomita 1.5 miliyoni kuchokera kuno, imaona kupyola fumbilo. Mbali ina ya nyenyezi zitatu zija kuli nyenyezi yofiira, Betelgeuse, nkhalamba yotupa imene ikuyandikira kuphulika. Kumapeto kwa 2019 idazirala mooneka ndi maso, ndipo Hubble idathandiza kusonyeza kuti idalavula mpweya umene udasanduka fumbi n'kuiphimba. Nyengo yogulitsa fodya, kum'mwera kumaoneka kadontho kambuu, Omega Centauri, gulu la nyenyezi pafupifupi 10 miliyoni zimene zakhalako zaka zoposa mabiliyoni khumi.

Ndipo nyenyezi yaikulu ikafa sitayika. Zotsala zake zimamwazikira m'mitambo yoberekera nyenyezi zina, monga phulusa la mapesi otenthedwa pabedi asanafese. Ayironi wa m'khasu ndi wa m'magazi a woligwira adaphikidwa m'nyenyezi zimene zidafa dzuwa lisanabadwe.

M'mizinda yambiri ya dziko lapansi magetsi adameza Mlalang'amba, moti ana amaudziwira pa chithunzi. Mwana wa ku Chisemphere amangotuluka panja. Mawa akamathandiza bambo ake kuthirira mbande, adziwe kuti bedi lina analiona usiku, ndipo kumeneko kufesa kudachitika kalekale.